"Mankhwala Mukumwa?": Chimene Dokotala Amafunsa ndi Chimene Wodwala Amayankha

Azakhali anga akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zoposa 10. Tsiku lina nditawaperekeza kuchipatala, makina anaonetsa 168 pa 102. Dokotala anawapimanso mkono winawo, anayang'ana zimene zinalembedwa ulendo wapita, kenako anafunsa funso limene aliyense wodwala matenda a mgonagona analimvapo kambirimbiri.

"Mayi, mankhwala mukumwa?"

"Ndikumwa, adokotala. Sindijomba."

Dokotala anangogwedeza mutu n'kulemba mtundu wachitatu wa mankhwala kuwonjezera pa iwiri imene ankamwa kale. Sitinakhalemo ngakhale mphindi zisanu.

Madzulo ake, ndikuwathandiza kusanja mankhwala atsopanowo, ndinaona kuti mapiritsi okodzetsa, amodzi mwa amene ankamwa kale, anali akadali ochuluka m'botolo, chonsecho tsiku lokatenga ena linali litakwana. Nditawafunsa sanabise. "Amenewo ndimamwa ndikadziwa kuti ndiswera pakhomo, mwana wanga. Tsiku la ulendo ndingamwe bwanji? Ndiziimitsa galimoto paliponse?" Enawo, a amlodipine, ankawadula pakati chifukwa ankawatupitsa mapazi. Ndinati, "Nanga bwanji adokotala munawauza kuti simujomba?" Anandiyang'ana modabwa. "Ndajomba liti? Dzuwa silinalowepo ine ndisanamwe kanthu."

Azakhali sananame. Mawu anali amodzi, koma aliyense ankapima ndi muyeso wake. Kwa dokotala, kumwa mankhwala ndi piritsi lililonse, mlingo wake, nthawi yake, tsiku ndi tsiku. Kwa azakhali, kumwa mankhwala ndi kusawataya, kukhala munthu wosamala moyo wake, wosanyozera zimene anauzidwa kuchipatala. Pakati pa miyeso iwiriyi pali mpata, ndipo mumpata umenewu mumagwera anthu ambiri odwala BP, shuga, mphumu, khunyu ndi mtima, komanso amene ali pa ma ARV.

Vutoli ndi lalikulu kuposa mmene ambiri timaganizira. Mu 2003 bungwe la World Health Organization linatulutsa lipoti lonena kuti m'mayiko olemera, mwa odwala matenda okhalitsa, pafupifupi theka lokha ndi amene amamwa mankhwala monga anauzidwira, ndipo kumene kupeza mankhwala n'kovuta zinthu zimaipirapo. Si lalero ayi: zolemba zakale za Agiriki zotchulidwa m'dzina la Hippocrates zinkachenjeza kale wochiritsa kuti odwala ena sanena zoona pa mankhwala amene anapatsidwa.

Komanso mawu akuti "sakumwa" amaphimba zinthu zosiyana. Pali munthu amene sayamba n'komwe. Ku United States, kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti pa mankhwala atsopano 100 alionse amene madokotala analembera odwala, pafupifupi 28 sanakatengedwe. Pali wina amene amayamba koma amadumphitsa apa ndi apo, ngati azakhali. Ndiye pali amene amamwa bwinobwino kenako n'kungosiya. Bernard Vrijens ndi anzake anatsata odwala BP 4,783 amene ankayenera kumwa piritsi limodzi lokha patsiku, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2008 zinaonetsa kuti chaka chisanathe pafupifupi theka anali atasiyiratu. Wosayamba, wodumphitsa ndi wosiya safuna chithandizo chofanana, koma m'buku la kuchipatala onse amalembedwa ndi mawu amodzi.

Muyeso umene umagwira ntchito kwambiri ndi diso la dokotala, ngakhale palibe amene amautcha muyeso. Dokotala akaona munthu wovala bwino, wofika pa nthawi yake, woyankha mwaulemu ndiponso wodziwa mayina a mankhwala ake, mumtima amati uyu amamwa. Akaona wachinyamata wosakhazikika kapena munthu wosatha kuwerenga, amayamba kukayikira. Kulota kotereku kumaphonya moopsa. Ku Canada mu 1980, madokotala 10 anafunsidwa kuti anene kuti mwa odwala awo 74 amene ankamwa digoxin, mankhwala a mtima, ndi ati amene akumwa mwandondomeko. Mayankho awo sanasiyane ndi a munthu wongolota, ngakhale pa odwala amene ankawadziwa kwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Mu 2000 David Paterson ndi anzake anayerekezera maganizo a ogwira ntchito zachipatala ndi zimene odwala a HIV ankachitadi: madokotala anaphonya pa odwala 41 pa 100 alionse, anamwino pa 30. Sindidabwa kuti anamwino anachitako bwino. Wodwala amamasukira namwino kusiyana ndi dokotala, ndipo namwino ndi amene amamva zodandaula za pakhonde zimene sizilowa m'chipinda chopimira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kuphonyako kumapendekera mbali imodzi. Nthawi zambiri dokotala amakhulupirira kuti wodwala wake akumwa pamene sakumwa. Ndi umunthu: amene umagwirizana naye, amene amakuthokoza, umamuganizira zabwino.

Ndiye pali kufunsa mwini wakeyo. Mu 1986 Donald Morisky ndi anzake anakonza mafunso anayi amene anafala padziko lonse. Kodi mumaiwala kumwa mankhwala nthawi zina? Kodi nthawi zina simusamala za kamwedwe kake? Mukamva bwino, mumasiya? Mukaona kuti akukudwalitsani, mumasiya? Luso la mafunsowa ndi lakuti amafunsa ngati kuti kulephera n'chinthu chodziwika kale, motero munthu savutika kuvomera. Komabe kufunsa kuli ndi khalidwe limene aliyense wogwira ntchito zachipatala ayenera kulidziwa. Wodwala akanena kuti anadumphitsa, pafupifupi nthawi zonse n'zoona, chifukwa palibe chimene angapindule podzinamizira. Koma akanena kuti sanadumphitsepo, yankholo silikuuza zambiri. Mwa anthu amene amadumphitsadi, kufunsa kumagwira pafupifupi theka lokha.

Enawo si onse amene akubisa. Munthu sakumbukira chimene anaiwala. Amene wamwa piritsi lomwelo m'mawa uliwonse kwa zaka 8 alimeza pafupifupi ka 3,000, ndipo m'maganizo mwake mamawa onsewo anasakanikirana n'kukhala m'mawa umodzi. Mukamufunsa za Lachiwiri lapitalo, sakumbukira Lachiwirilo, amakumbukira chizolowezi chake. Amayankha za mmene iye alili, pomwe dokotala amafunsa za zimene zinachitika.

Chifukwa chokayikira mawu, zipatala zinayamba kuwerenga mapiritsi otsala. Wodwala amabwera ndi botolo, namwino n'kukhuthula pa mbale yowerengera: munapatsidwa 60, papita masiku 28, mukumwa awiri patsiku, ayenera kutsala anayi. Masamu ake ndi osavuta, ndipo wodwala nayenso amawadziwa. Pa kafukufuku wa matenda a m'mapapo wotchedwa Lung Health Study ku United States, odwala ena anapatsidwa tizipangizo topopera mankhwala m'kamwa tokhala ndi kachipangizo kena kolemba tsiku ndi ola limene apopera. Zotsatira za mu 1992 zinali zodzidzimutsa. Anthu 73 pa 100 alionse anati ankapopera katatu patsiku monga anauzidwira, koma makina anaonetsa kuti amene ankayandikira pamenepo anali 15 okha. Ena 14 pa 100 alionse anapopera maulendo oposa 100 m'maola atatu okha, tsiku lokaonana ndi achipatala litayandikira. Ankatayira mankhwala mumpweya kuti kabotolo kapepuke.

Tangoganizirani munthu ameneyo, atakhala yekha, akupopera mpweya wachabe maulendo 100. Si chigawenga. Anadzipereka yekha kulowa m'kafukufuku, amawalemekeza achipatala, ndipo sakufuna kuwakhumudwitsa. Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso pa kafukufuku wa VOICE, amene anachitika pakati pa amayi oposa 5,000 ku South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, woyesa mankhwala oteteza ku HIV. Pofunsidwa, amayiwo anaonetsa kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala pafupifupi ka 90 pa 100. Kuwerenga zotsala kunapereka 86. Koma magazi atapimidwa, mankhwalawo, otchedwa tenofovir, anapezeka m'magazi osaposa 30 pa 100 alionse. Miyeso iwiri inagwirizana, ndipo yonse iwiri inali yolakwika, chifukwa yonse inkadutsa m'manja mwa munthu wofuna kuoneka bwino.

Kaundula wa ku famase ndi wovutirapo kumunamiza. Amaonetsa masiku amene munthu anali ndi mankhwala m'manja: ngati m'masiku 365 anatenga okwanira masiku 200, ndiye kuti masiku 165 sakanamwa ngakhale akanafuna. Koma kutenga si kumeza. Mabotolo akhoza kuunjikana m'kabati, kapena kugawidwa ndi mwamuna kapena mkazi wa wodwalayo.

M'zaka za m'ma 1980 kunabwera zotsekera mabotolo zokhala ndi kachipangizo kolemba nthawi iliyonse imene botolo latsegulidwa. Zimenezi n'zimene zinationetsa koyamba nkhope yeniyeni ya kamwedwe ka anthu, tsiku ndi tsiku. Kuunika kwa mu 2001 kophatikiza kafukufuku 76 kunapeza kuti mankhwala omwa kamodzi patsiku ankamwedwa ka 79 pa 100, omwa kawiri ka 69, omwa katatu ka 65, ndipo omwa kanayi ka 51. Zinaonetsanso kuti kudumphitsa kuli ndi nyengo zake: kumachuluka kumapeto kwa sabata ndiponso pa mlingo wa madzulo, ndipo anthu ambiri amakhala ndi "tchuthi" cha masiku atatu kapena kuposerapo osamwa chilichonse. Koma chodabwitsa koposa chinali ichi. Joyce Cramer ndi anzake, potsata odwala khunyu, anapeza mu 1990 kuti m'masiku asanu otsala kuti akaonane ndi dokotala ankamwa ka 88 pa 100, koma patapita mwezi zinkatsika kufika pa 67. N'chimodzimodzi munthu wotsuka mano mwamphamvu m'mawa wa tsiku lokaonana ndi dokotala wa mano. Tanthauzo lake ndi lalikulu: tsiku limene dokotala amapima wodwala ndi tsiku limene wodwalayo ali pabwino kuposa masiku ena onse. BP yabwino ya tsiku limenelo ikhoza kukhala ya sabata imodzi yokha. Zotsekerazi nazonso zili ndi malire ake. Munthu akhoza kutsegula osamwa, kapena kutapa mapiritsi a masiku atatu n'kuika m'thumba popita ulendo, makina n'kulemba kuti wajomba.

Chotsala ndi kufufuza mankhwalawo m'thupi momwemo. Ku Leicester ku England, madokotala anapima mkodzo wa odwala BP 208 ndipo mu 2014 ananena kuti mmodzi mwa anayi alionse analibe ena mwa mankhwala ake m'thupi, kapena analibe onse. Ku Frankfurt ku Germany, mwa odwala amene BP yawo inkatchedwa yosamva mankhwala, oposa theka anapezeka kuti sankamwa monga analemberedwa. Taonani bwino pamenepa: anthu amenewa ankatumizidwa kwa akatswiri, kujambulidwa impso, kuwonjezeredwa mankhwala mtundu wachinayi ndi wachisanu, pomwe matenda awo anali asanakumane n'komwe ndi mitundu itatu yoyambayo. Komabe mkodzo ndi magazi zimangonena za masiku ochepa apitawo. Womwa dzulo ndi dzana lokha amaoneka ngati womwa mwezi wonse. N'chifukwa chake pa HIV akatswiri amapimanso tsitsi kapena madontho a magazi oumitsidwa pa pepala, momwe mankhwala amaunjikana kwa masabata. Pa chifuwa chachikulu njira yakhala yomwetsa wodwala pamaso pa munthu wina. Ndipo mu 2017 bungwe loona za mankhwala la FDA ku United States linavomereza Abilify MyCite, piritsi la matenda a maganizo lokhala ndi kanthu kakang'ono kamene kamatumiza uthenga kakafika m'mimba. Ine zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa muyeso ukamayandikira choonadi umayandikiranso ulonda, ndipo munthu amene akudzimva kuti akulonderedwa satsegula mtima.

Madokotala ambiri, posowa zida zonsezi, amaweruza ndi zotsatira: BP yatsika, ndiye akumwa, shuga wakwera, ndiye sakumwa. Pali nzeru pamenepa. Kupima magazi kotchedwa HbA1c kumaonetsa mmene shuga wayendera kwa miyezi iwiri kapena itatu, motero sikunamizika ndi khama la sabata imodzi. Pa HIV, malangizo a World Health Organization amati kachilombo kakapezeka koposa 1,000 pa mililita imodzi ya magazi, wodwala athandizidwe kaye pa kamwedwe kake, apimidwenso patapita miyezi itatu, ndipo pokhapo m'pamene angaganize zosintha mankhwala. Dongosolo limeneli likuvomereza poyera kuti nambala yokha siingasiyanitse munthu wodumphitsa ndi kachilombo kosamva mankhwala.

Koma kuweruza ndi zotsatira kuli ndi msampha wake wozama. Munthu akhoza kumwa piritsi lililonse BP osatsika, chifukwa mlingo ndi wochepa, impso zili ndi vuto, kapena akumwa mankhwala ena opha ululu monga ibuprofen amene amaikweza. Wina akhoza kudumphitsa koma nambala zake n'kukhala zabwino. Ndipo pali phunziro lodabwitsa lochokera ku Coronary Drug Project, kafukufuku wa amuna amene anadwalapo mtima, lofalitsidwa mu 1980. Mwa amene ankamwa mwandondomeko clofibrate, mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, 15 pa 100 alionse anamwalira m'zaka zisanu, pomwe mwa odumphitsa anamwalira pafupifupi 25. Aliyense akanati mankhwalawa ndi amphamvu. Koma atayang'ana gulu limene linkapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala alionse, anapeza zomwezo: omwa mwandondomeko 15, odumphitsa 28. Piritsi lopanda kanthu silingapulumutse munthu. Chimene chinaoneka n'chakuti munthu wotha kumwa mwandondomeko amakhalanso ndi zina zomuteteza: moyo wokhazikika, omusamala, mphamvu zodzisamalira. Choncho kudumphitsa kawirikawiri kumakhala chizindikiro chakuti pali china chimene chikumulemera munthuyo, kaya ndi matenda a nkhawa, umphawi, kusungulumwa kapena matenda amene akukula.

Nanga malire ali pati pakati pa "akumwa" ndi "sakumwa"? Ofufuza ambiri amadula pa 80 pa 100. Nambalayi inachokera ku ntchito ya David Sackett ndi Brian Haynes a ku McMaster University ku Canada m'zaka za m'ma 1970, amene anaona kuti odwala BP omwa kuyambira pamenepo kupita m'mwamba ndi amene BP yawo inkatsika. Inali nambala ya matenda amodzi ndi mankhwala a nthawi imeneyo, koma inafalikira ku matenda onse ngati lamulo. Kafukufuku wa Paterson uja anaonetsa kuti pa ma ARV a nthawi imeneyo 80 sinali yokwanira: mwa omwa ka 95 pa 100 kapena kuposa, mankhwala analephera pa 22 pa 100 alionse, koma mwa omwa pakati pa 80 ndi 95 analephera pa 61. Ma ARV a masiku ano monga dolutegravir amapirira kudumphitsa kusiyana ndi akalewo, ngakhale kuti chimenecho si chilolezo. Mankhwala amasiyana pa kukhululuka kwawo. Amlodipine amakhalitsa m'thupi, motero tsiku limodzi lophonya silisintha zambiri. Koma atenolol, mtundu wina wa mankhwala a BP ndi mtima, ndi anzake akasiyidwa mwadzidzidzi mtima ukhoza kuthamanga moopsa, ndipo wodwala khunyu akhoza kugwa atangophonya masiku ochepa. Anthu awiri akhoza kuphonya masiku 6 pa 30, onse n'kulembedwa 80 pa 100. Wina anaphonya limodzilimodzi mwezi wonse, wina anaphonya 6 otsatizana. Pa pepala ndi ofanana, m'thupi ayi.

Tsopano tibwere kwa wodwala, pakuti nayenso amaweruza, ndipo amaweruza tsiku lililonse pomwe dokotala amaweruza kanayi pachaka. Mu 1985 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Peter Conrad anacheza ndi anthu 80 odwala khunyu, ndipo anapeza kuti ambiri mwa amene achipatala akanawatcha osamvera ankasintha mlingo mwadala ndiponso moganiza. Ena ankachepetsa kuti aone ngati matenda akadalipo. Ena sankafuna kukhala akapolo a piritsi. Ena ankabisa kuti anthu asadziwe za matenda awo. Iwo eni sankaona kuti akunyozera dokotala, ankaona kuti akuyendetsa moyo wawo. Rob Horne ndi John Weinman a ku England anafotokoza zimenezi mu 1999 ngati sikelo ya mbali ziwiri imene wodwala aliyense amanyamula mumtima: mbali ina, kodi mankhwalawa ndikuwafunadi, mbali inayo, kodi akundiwononga chiyani. Kumene sikelo yapendekera n'kumene kamwedwe kamalowera, ndipo zimenezi zimalosera bwino kusiyana ndi zaka za munthu kapena maphunziro ake.

Muyeso wamkulu wa wodwala ndi thupi lake. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo nthawi zambiri wodwala amalondola. Mapazi a azakhali ankatupadi chifukwa cha amlodipine. Enalapril wa BP amatsokomoletsadi anthu ena usiku wonse, metformin wa shuga amatseguladi m'mimba, ndipo mankhwala ena a BP ndi a maganizo amafooketsa munthu m'banja, nkhani imene amuna ambiri sangaiyambe okha pamaso pa dokotala. Koma thupi lomwelo limanamizanso. BP ilibe chizindikiro chodalirika. Anthu ambiri amavomera kuti zimenezi n'zoona kwa ena, koma amakhulupirira kuti iwo amaimva yawo ikakwera, kaya ndi mutu kapena kulemera kwa khosi, motero amamwa "ikakwera" n'kupuma "ikatsika". Mankhwala akagwira bwino ntchito, munthu amamva bwino, n'kuganiza kuti wachira. Kupambana kwa piritsi kumasanduka umboni wakuti silikufunikanso.

Kafukufuku wa SAMSON wa ku London, wofalitsidwa mu 2020, anaonetsa mmene maganizo ndi thupi zimalukanirana. Anatenga anthu 60 amene anasiya mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi otchedwa statin chifukwa cha zowawa. Kwa chaka chimodzi, miyezi ina ankamwa statin, ina piritsi lopanda mankhwala lofanana nalo, ina osamwa kanthu, ndipo tsiku lililonse ankalemba mmene akumvera. Zowawazo zinali zenizeni: miyezi ya mapiritsi ankamva kuwawa kuwirikiza pafupifupi kawiri. Koma pafupifupi 90 pa 100 ya kuwawako kunkabweranso ndi piritsi lopanda kanthu lija. Chimene chimandikhudza ndi chimene chinatsatira. Ataonetsedwa zolemba zawo zomwe, theka la anthuwo linayambiranso kumwa mankhwala. Palibe amene anawakalipira. Anangopatsidwa mwayi woona umboni wa m'thupi lawo ndi maso awo.

Palinso amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti akumwa bwino pomwe akulakwitsa osadziwa. Wodwala mphumu amapopera m'mawa ndi madzulo osaphonya, koma mankhwala amathera pa lilime chifukwa palibe anamuonetsa kukoka mpweya pa nthawi yake. Wina anamva "awiri patsiku" n'kumamwa onse pamodzi. Wina anamaliza botolo loyamba la mankhwala a BP n'kuganiza kuti wamaliza, monga amachitira ndi mankhwala a chibayo, chifukwa palibe anamuuza momveka kuti awa ndi a moyo wonse. Anthu otere mukawafunsa adzayankha kuti akumwa, nkhope ili gwa, ndipo makina ogwira bodza sangawapeze ndi mlandu.

Otsalawo amabisadi, ndipo tiyenera kufunsa chifukwa chake. Amati wobisa matenda maliro adzamuulula, koma munthu sabisa popanda chimene akuopa. Amaopa kukalipiridwa pamaso pa anzake pamzere, kulembedwa kuti ndi wothawa mankhwala, kubwezedwa ku maphunziro, kapena kupatsidwa mankhwala a masabata awiri m'malo mwa miyezi itatu, zimene zikutanthauza maulendo ambiri ndi masiku ambiri ojomba kuntchito. Ngati kunena zoona kuli ndi chilango ndipo kunama kulibe, chipatala chadziphunzitsira chokha odwala ake kunama. Ena amachita manyazi kunena kuti ndalama zinawathera. Kwa zaka zambiri mawu a Chingelezi amene madokotala ankagwiritsa ntchito pa nkhaniyi ankatanthauza kumvera lamulo. Kenako anasinthidwa ndi mawu otanthauza kutsatira zimene mwagwirizana, ndipo mu 1997 bungwe la akatswiri a mankhwala ku Britain linalimbikitsa mawu otanthauza kumvana. Mawu anasintha msanga kusiyana ndi mmene funso limafunsidwira m'chipinda chopimira.

Kuweruza molakwika kumapweteka mbali zonse. Dokotala akakhulupirira kuti wodwala akumwa pamene sakumwa, amawonjezera mlingo ndi mitundu, ndipo mapiritsi akachuluka kudumphitsa kumachulukanso. Ngozi imabwera tsiku limene munthuyo wagonekedwa m'chipatala, namwino n'kumupatsa mitundu yonse isanu pa nthawi yake, thupi lisanailandirepo yonse pamodzi: BP imagwa mpaka munthu kukomoka. Wodwala shuga amene insulin yake yakhala ikukwezedwa chifukwa cha jakisoni amene sankabaya ali pa ngozi yofanana. Mbali inayo, dokotala akaganiza kuti wodwala akudumphitsa pamene akumwa mokhulupirika, munthu wosalakwa amauzidwa mobwerezabwereza kuti alimbikire, miyezi n'kumapita, kachilombo kosamva mankhwala kakuchulukana kapena impso zikuwonongeka. Ndipo munthu amene wanena zoona n'kusakhulupiriridwa sabwereranso ndi mtima womwewo.

Palibe muyeso umodzi umene ungathetse nkhaniyi, ndipo akatswiri amalangiza kuphatikiza iwiri kapena itatu, monga kaundula wa ku famase, zotsatira za magazi ndi mawu a wodwala. Koma mwa yonseyi, mawu a wodwala okha ndi amene anganene chifukwa. Mkodzo ukhoza kuonetsa kuti mulibe mankhwala okodzetsa, koma sungatchule za ulendo wa pa basi. Ku Leicester kuja, madokotala atayamba kukhala pansi ndi odwala n'kukambirana zotsatira za mkodzo popanda kuwaimba mlandu, ambiri anayamba kumwa bwino ndipo BP yawo inatsika popanda kuwonjezera mankhwala. Chipangizo chinangotsegula chitseko, ntchito inagwiridwa ndi kukambirana. Kafunsidwe nakonso kamasintha yankho. "Mukumwa eti?" ndi funso limene lanena kale yankho lake. "Anthu ambiri zimawavuta kumwa tsiku lililonse, inuyo sabata yathayi ndi masiku angati amene sizinatheke?" ndi funso lina ndithu: lavomereza kuti kulephera kulipo, latchula nthawi yaifupi imene munthu angaikumbukire, ndipo likufuna nambala, osati lumbiro. Likatsatiridwa ndi "ndi piritsi liti limene simulikonda?" zambiri zimatuluka. Zikadziwika, njira zilipo: kuphatikiza mitundu iwiri m'piritsi limodzi, kusinthira ku omwa kamodzi patsiku, kusuntha ola, kabokosi ka masiku a sabata, kapena jakisoni wa mwezi ndi mwezi pa matenda amene ali naye.

Ulendo wotsatira ndinawapempha azakhali kuti tinyamule mabotolo onse, otsala ndi odulidwa omwe. Anakana kaye. "Akandikalipira, mwana wanga." Tinapeza dokotala wina, wachitsikana. Ndinaika mabotolo patebulo, azakhali maso ali pansi. Dokotalayo anatola theka la piritsi la amlodipine, analiyang'ana, n'kufunsa mofatsa:

"Mayi, limeneli limakuchitani chiyani?"

Azakhali anavula nsapato n'kumuonetsa phazi. Anadina ndi chala pamwamba pa kakolo, chala n'kusiya dzenje. Kenako anafotokoza za maulendo ndi mapiritsi okodzetsa, zonse, mpaka za usiku umene anamva chizungulire atamwa mitundu itatu yonse pamodzi kwa nthawi yoyamba. Dokotala anamvetsera osadula mawu. Anatsitsa mlingo wa amlodipine, anakonzanso mitundu inayo kuti mapiritsi achepe, n'kuwauza kuti tsiku la ulendo okodzetsawo akhoza kumwa akangofika kumene akupita, bola kusanade.

Patapita miyezi itatu makina anaonetsa 138 pa 86. Dokotala yemweyo anafunsa kuti mwezi umenewo ndi masiku angati amene sizinatheke. Azakhali anawerenga pa zala.

"Awiri, adokotala. Lina ndinagona kwa odwala, botolo ndinalisiya kunyumba. Linalo sindikudziwa, ndinangolipeza piritsi la Lachinayi lili m'kabokosi Lachisanu m'mawa."

Dokotala analemba "2" m'buku, n'kufunsa ngati ali ndi kabotolo kakang'ono kamene angamayende nako m'chikwama.